Webusaiti ya geni yanu: zoyenera kudziwa musanapereke ndalama kwa wopanga

Masiku ano mtawuni muno pafupifupi aliyense ali ndi geni yake. Wina akugulitsa nsapato za pa kaunjika pa WhatsApp status, wina ali ndi saluni, wina amaphika makeke a maukwati, wina watsegula ka lodge kumtunda kwa msika. Geni ikayamba kuyenda, funso limabwera lokha: kodi ndipangitse webusaiti? Funsolo likangotuluka pakamwa, sipalephera kupezeka mnyamata wa laptop wonena kuti "ndipatseni yochepa chabe, pofika Lachisanu zikhala zatheka."

Anyamata amenewa ambiri ntchito amaidziwadi. Vuto ndi loti eni geni ambiri amalipira osadziwa chimene akugula, ndiye pakatha chaka webusaiti yazima, wopangayo wasintha nambala, dzina la bizinesi lili m'manja mwa munthu wina. Ine ndimathandizako anthu kukonza masamba awo a pa intaneti, ndipo mafunso amene amandifunsa amakhala omwewomwewo. Ndiye ndawaika onse pamalo amodzi. Sungani nkhaniyi, mudzaitsegule tsiku limene mukukambirana mtengo.

Mukugula zinthu zitatu, osati chimodzi

Tikati "webusaiti" timakhala tikuphatikiza zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake komanso mwini wake.

Choyamba ndi domain. Ili ndi dzina limene munthu amalemba kuti akupezeni, lija limathera ndi .com kapena .mw. Tiyerekeze kuti ndi chikwangwani cha shopu yanu.

Chachiwiri ndi hosting. Awa ndi malo pa kompyuta yaikulu, yotchedwa seva, imene imakhala yoyaka usana ndi usiku. Zithunzi zanu ndi mawu anu zimasungidwa mmenemo. Ndi chipinda cha lendi chimene mwaikamo katundu.

Chachitatu ndi webusaiti yeniyeniyo: masamba, mitundu, zithunzi, mabatani. Ndiwo mashelefu ndi katundu wa mu shopumo, ndipo apa ndi pamene wopanga amagwira ntchito yake.

Chimene chimalumikiza dzina ndi seva chimatchedwa DNS. Chimagwira ntchito ngati mndandanda wa manambala mufoni mwanu: inu mumadina dzina la munthu, foni imapeza yokha nambala yake.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: wopanga mumamulipira kamodzi, koma domain ndi hosting ndi za lendi. Domain sigulidwa mpaka kalekale, imalipiridwa chaka ndi chaka, ngakhale ya .com mutha kulipiriratu mpaka zaka 10. Mukasiya kulipira hosting, tsamba limazima. Mukasiya kulipira domain, dzina limapita.

Kodi mukufunikadi webusaiti?

Si geni iliyonse imene ikufunika webusaiti lero lomwe. Ngati makasitomala anu onse ali m'dera lanu ndipo amakupezani pa foni, yambani ndi zaulere. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, imakulolani kuika katundu ndi mitengo yake kuti kasitomala aziona yekha. Google Business Profile imaika shopu yanu pa Google Maps, pamodzi ndi nthawi yotsegulira ndi nambala ya foni. Tsamba la Facebook nalonso ndi laulere.

Koma dziwani kuti pamalo onsewa inu ndinu mlendo. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi 6 dziko lonse lapansi. Amene geni yawo yonse inali mmenemo anangokhala manja lende. Mu Malichi 2024, Google inatseka mawebusaiti aulere amene anthu ankapanga kudzera mu Business Profile, aja ankathera ndi business.site. Palinso za tsiku ndi tsiku zija: akaunti yabedwa, tsamba latsekedwa, palibe ofesi yoti mukadandaule.

Webusaiti imayamba kukhala yofunika ngati mukufuna makasitomala amene sakukudziwani. Alendo ofuna malo ogona asanafike mtawuni, mabungwe ofuna wowagulitsa katundu, achibale a ku Joni kapena ku UK ofuna kuitanitsira makolo keke kapena simenti kuno kumudzi, onsewa amayamba ndi kufufuza pa Google. Komanso domain imakupatsani imelo ya dzina la bizinesi yanu. Quotation yochokera pa imelo yotero imaoneka yolemera kusiyana ndi yochokera pa Gmail ya dzina lanu la pa sekondale.

Kusankha domain

Dzina labwino ndi limene mungalitchule pa foni munthu n'kulilemba bwinobwino osafunsa kawiri. Likhale lalifupi. Pewani manambala ndi timizere tapakati ngati n'kotheka.

Kwa ife olankhula Chichewa pali misampha iwiri. Woyamba ndi l ndi r: inu mukalemba "zokolola" wina adzalemba "zokolora", ndipo intaneti siimva zoti ndi mawu amodzi. Wachiwiri ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe kapena pang'ono. Kameneka sikaloledwa mu domain, ndiye dzina lokhala ndi ng' lidzaoneka mosiyana ndi la pa chikwangwani chanu. Lembani dzinalo papepala, muuze anzanu atatu alilembe mutangowatchulira, muone ngati zikufanana.

Nanga .com kapena .mw? Ya .com ndi yodziwika kulikonse, ndipo kwa ogulitsa ambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka. Ya .mw ndi ya dziko lathu, ndipo kaundula wake wakhala akusungidwa ndi bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Pansi pake pali zina ngati .co.mw ya mabizinesi, .ac.mw ya masukulu a ukachenjede ndi .gov.mw ya boma. Ubwino wa .mw ndi woti munthu amadziwiratu kuti muli konkuno, komanso mayina ambiri amene anatengedwa kale pa .com akadalipo. Funsani mitengo ya zonse ziwiri musanasankhe, chifukwa imasiyana.

Samalani ndi mtengo wa nyambo. Ogulitsa ena amaika mtengo wotsika kwambiri chaka choyamba, chaka chachiwiri n'kukwera kangapo. Funso loyenera si "ndi zingati lero?" koma "chaka chamawa ndidzalipira zingati?"

Tsopano mfundo yaikulu kuposa zonse m'nkhani ino: domain ilembedwe m'dzina lanu, pa akaunti yanu, ndi imelo yanu. Osati ya wopanga, osati ya mphwanu amene "amadziwa za makompyuta". Amene dzina lake lili pa kaundula ndiye mwini wake, ngakhale ndalama zinachokera m'thumba mwanu. Khalani naye pansi wopangayo, akaunti mutsegule inuyo, pasiwedi musankhe inuyo. Iye akufunika mwayi wolumikiza domain ndi hosting basi.

Domain ya .com ikatha nthawi, sipita tsiku lomwelo. Ogulitsa ambiri amapereka masiku angapo, osapitirira 45, oti mulipire. Kenako pamabwera masiku 30 amene mungaiombole koma ndi chindapusa chokwera. Zikadutsa apo, patapita masiku 5 dzinalo limatulutsidwa ndipo aliyense atha kulitenga. Pali anthu amene geni yawo ndi yomweyi: kudikirira mayina otayidwa kuti adzakugulitseni pa mtengo wolira nawo, kapena kuikapo zotsatsa za juga. Tangoganizani kasitomala akutsegula adiresi imene ili pa malisiti anu n'kupezapo zimenezo.

Mukafuna kusamutsa domain kupita kwa wogulitsa wina, mumapempha nambala yachinsinsi yotchedwa authorization code. Domain ya .com yongolembetsa kumene siingasamutsidwe masiku 60 asanathe.

Mitundu ya hosting

Shared hosting ndi imene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito. Mawebusaiti ambiri amakhala pa seva imodzi, ngati nyumba za mdadada zogawana mpopi umodzi. Ndi yotchipa ndipo imakwanira saluni, lodge, sukulu ya mkaka kapena shopu. Kuipa kwake, mnzanu wa pa seva yomweyo akachulukitsa alendo, nanunso tsamba limayenda pang'onopang'ono.

VPS ndi gawo lanulanu la seva. Ili ndi mphamvu zambiri koma imafuna munthu woidziwa kuisamalira. Ngati wina akukuuzani kuti tsamba la masamba asanu likufunika VPS, mufunseni chifukwa chake kawiri.

Palinso za "panga wekha" ngati Wix ndi Squarespace, zimene zimaphatikiza hosting ndi zida zopangira tsamba. N'zosavuta, koma zimalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo tsamba lopangidwa mmenemo silisamuka mosavuta. Google Sites ndi Blogger ndi zaulere ndipo zimalola kulumikiza domain yanu. Kwa tsamba losasinthasintha, longoonetsa zimene mumachita ndi nambala ya foni, GitHub Pages ndi Cloudflare Pages zimasunga kwaulere, kungoti pamafunika wodziwa kuziika.

Nkhani ya kampani ya kuno kapena yakunja imathera pa forex. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti hosting ya madola 100 pa chaka inachoka pa K118,000 kufika pa K170,000, kampaniyo isanakweze ngakhale senti imodzi. Onjezerani vuto lija la khadi ya ku banki kukana kulipira kunja tsiku limene mukuifunitsitsa. Kampani ya kuno imalandira makwacha, nthawi zambiri ngakhale pa foni, ndipo mutha kuiimbira n'kulankhulana m'Chichewa. Dziwani chabe kuti ambiri mwa iwo nawonso amabwereka maseva kunja, ndiye mitengo yawo imatsatirabe dola, kungoti mutu wosaka forex amadwala ndi iwowo.

Funsaninso kumene seva ili. Ngati makasitomala anu ali kuno, seva ya ku Johannesburg imayankha msangako kusiyana ndi ya ku America, chifukwa ulendo ndi waufupi.

Musanalipire hosting iliyonse, funsani izi:

1. Mtengo wa chaka chachiwiri ndi zingati?
2. Kodi SSL ili momwemo kapena ndi yolipira padera?
3. Mumasunga backup kangati, ndipo kubwezeretsa tsamba likaonongeka n'kolipira?
4. Ndingatsegule ma imelo angati a bizinesi?
5. Tsamba likazima Loweruka madzulo, ndiimbira ndani?
6. Ndikafuna kuchoka, mafayilo anga ndingawatenge bwanji?

Mawu oti "unlimited" asakunamizeni. Palibe seva yopanda malire, malirewo amangobisidwa m'malamulo aja timangodina "I agree" osawerenga.

Pangirani foni, osati laptop

Wopanga adzakuonetsani tsamba pa laptop yake, pa Wi-Fi, n'kumaoneka bho. Koma kasitomala wanu ali mu minibasi, ali ndi itel kapena Tecno, netiweki ikubwera n'kumapita, bandulo yatsala pang'ono. Yesani tsambalo pa foni yotero, pa data yanu. Ngakhale Google yomwe, poika masamba pa mndandanda, imayang'ana mmene tsamba likuonekera pa foni.

Chimene chimalemetsa masamba ambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kukhala 4 MB. Mukaika zithunzi 10 zotero patsamba loyamba, mwamudyera munthu 40 MB asanaone ndi mtengo womwe. Chithunzi chomwecho chitha kuchepetsedwa kufika 150 KB n'kumaonekabe bwino pa foni, ndiye zonse 10 zikhala 1.5 MB yokha. Squoosh ndi TinyPNG zimachita zimenezi kwaulere. Vidiyo yoyamba kusewera yokha ndi nyimbo zongolira munthu akatsegula, zimenezo ayi ndithu. Mukafuna kudziwa liwiro la tsamba lanu, lembani adiresi yake mu PageSpeed Insights ya Google, muyang'ane zotsatira za foni.

Munthu akangotsegula, asanatsike pansi, aone zinthu zinayi: mumagulitsa chiyani, muli kuti, mitengo ikuyambira pati, akupezani bwanji. Mbiri ya kampani, masomphenya ndi chithunzi cha bwana atavala suti, zimenezo zipite patsamba lina.

Ikani batani la WhatsApp. Link yake imalembedwa wa.me/ kenako 265, kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyamba, popanda mipata. Nambala ya foni ikhale yoti munthu akaidina iyambe kuimba. Polongosola malo, ikani mapu koma muonjezere malonje achikwathu: kuseri kwa filling station, moyang'anana ndi chigayo, geti lobiriwira. Tonse tikudziwa kuti ndi mmene timapezerana.

Mitengo ilembeni. Chizolowezi cha "inbox for price" chimathamangitsa anthu amanyazi ndi otanganidwa. Ngati mitengo ikusinthasintha, lembani tsiku limene mwaisintha komaliza, ndipo wopanga akuphunzitseni kusintha nokha.

Zithunzi zikhale zanu. Keke ya pa Pinterest si keke yanu, ndipo kasitomala akalandira yosiyana ndi imene anaona, nkhani yake idzafika pa Facebook inu musanadzuke. Komanso zithunzi zili ndi eni ake, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016.

WordPress ndi ma plugin

Opanga ambiri adzakupangirani pa WordPress. Inayamba mu 2003, ndi yaulere, ndipo mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera yomweyo. Ubwino wake ndi woti oidziwa ndi ambiri, ndiye mukasemphana ndi wopanga woyamba, wina atha kupitiriza. Mukafuna shopu yokhala ndi dengu logulira, pali WooCommerce yoikamo.

Koma WordPress imafuna chisamaliro ngati njinga ya kabaza. Ma plugin ndi ma theme amafunika update pafupipafupi, chifukwa akuba amalowera pa akalekale. Ikani okhawo amene mukuwafunadi. Ndipo funsani wopanga mosapsatira: theme imeneyi mwaigula kapena ndi ya nulled? Nulled ndi yobedwa, imene anthu amatsitsa kwaulere pa masamba okayikitsa. Zambiri zotero zimabwera ndi khomo lobisika, ndipo tsiku lina mudzangoona tsamba lanu likutumiza anthu kwina.

Chitetezo ndi malamulo

Adiresi yanu iyambe ndi https, osati http. Kuyambira Julayi 2018, Chrome imalemba "Not secure" pa tsamba lililonse lopanda https, ndipo palibe amene amatumiza ndalama pamalo olembedwa choncho. Satifiketi ya SSL ya Let's Encrypt ndi yaulere, imakhala masiku 90 ndipo pa hosting yabwino imadzikonzanso yokha. Tsamba wamba la bizinesi silifunika satifiketi yodula.

Pasiwedi ya domain, ya hosting ndi ya imelo zikhale zosiyana, ndipo pasakhale dzina la mwana wanu kapena chaka chobadwa. Yatsani chitetezo chachiwiri chija chofuna nambala yobwera pa foni. Imelo imene munalembetsera domain muiteteze kwambiri, chifukwa wolowa mmenemo atha kusintha mapasiwedi ena onse.

Backup isakhale pa seva yomweyo yokha. Kamodzi pa mwezi tsitsani kope lanu muike pa Google Drive kapena pa flash. Mukalandira imelo yoopseza kuti domain yanu itha mawa, musadine link yake. Tsegulani nokha akaunti yanu muone ngati zili zoona.

Pa malamulo, pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti, komanso Data Protection Act ya 2024 yoteteza zinsinsi za anthu, imene woyang'anira wake ndi MACRA. Ngati tsamba lanu lili ndi fomu, funsani zokhazo zimene mukufunikira kuti mugwire ntchito, muwauze anthu chimene muchite nazo, ndipo manambala awo musagawire wina. Wogula keke sakufunika kukupatsani nambala ya chiphaso chake cha unzika.

Kulandira ndalama

Poyambira, kulemba nambala ya Airtel Money, TNM Mpamba ndi akaunti ya ku banki n'kokwanira. Dzina limene limatuluka munthu akamatumiza lifanane ndi limene mwalemba patsamba, apo ayi adzakayika. Oda zikachuluka, pali makampani ngati PayChangu amene amalumikiza tsamba ndi njira zolipirira za kuno. Amadula kagawo pa malipiro alionse, ndiye funsani kuti ndi zingati komanso ndalama zimafika kwa inu pakapita nthawi yaitali bwanji. Screenshot kapena SMS yotumizidwa ndi kasitomala si umboni. Onani balansi yanu musanatulutse katundu.

Mgwirizano ndi wopanga

Ngakhale wopangayo ndi mnzanu wa ku tchalitchi, lembani. Pepala limodzi likwanira, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene nonse mwavomereza. Mulembe masamba angati, tsiku lomaliza, kukonza kangati kuli mu mtengowo, ndani azilipira domain ndi hosting chaka chamawa, ndiponso ndalama zosamalira tsamba ngati zilipo. Lipirani gawo poyamba, lotsala pomaliza.

Gawo lomalizalo liperekedwe mutalandira makiyi onse: akaunti ya domain, akaunti ya hosting, ndi akaunti ya administrator pa WordPress, osati ya editor chabe. Lowani nokha pa foni yanu iye ali pompo, kenako musinthe mapasiwedi.

Mbali inayo, nanunso chitani chilungamo. Mawu, zithunzi ndi mitengo perekani pa nthawi yake, chifukwa mawebusaiti ambiri amachedwa podikira mwini geni. Ndipo munthu akagwira ntchito mulipireni. "Ndidzakutchula kwa anzanga" sigula ufa.

Kuti anthu akupezeni

Tsamba likatha, lilembetseni pa Google Search Console, ndi zaulere. Mutu wa tsamba ukhale ndi zimene mumachita komanso dzina la tawuni, monga "makeke a ukwati ku Zomba", osati "Home" kapena "Welcome". Adiresi yanu iikeni pa Google Business Profile, pa Facebook, pa malisiti, pa chikwangwani ndi pa status. Wina akakulonjezani kuti akuikani pa nambala wani pa Google m'sabata imodzi, sungani ndalama zanu. Palibe amene ali ndi mphamvu yotsimikiza zimenezo.

Kwa amene muli nayo kale

Lero lomwe chitani zinthu zitatu. Ngati domain yanu ndi ya .com, tsegulani lookup.icann.org, mulembe dzinalo, muone kampani imene inalembetsedwako ndi tsiku limene ikutha. Ngati ndi ya .mw, funsani amene anakulembetserani akuonetseni zimenezi. Kenako yesani kulowa mu akaunti ya domain ndi ya hosting nokha. Mukapeza kuti mulibe pasiwedi, imbirani wopanga wanu panopa mudakali pa ubale wabwino, mumupemphe asamutsire zonse m'dzina lanu. Pomaliza, ikani chikumbutso mufoni mwezi wathunthu tsiku lolipira lisanafike, kuti ngati khadi ikana kapena ndalama zavuta, mukhale ndi masabata anayi osakira njira ina.